Chingwe cha m'chiuno mwa Custódio

Malowera,
15 Outubro 2023

Okondedwa achimwene anga a Marcelino,

Ndikhulupirira kalatayi ikupezani muli bwino, inu ndi alamu anga a Serafina pamodzi ndi ana onse ku Petauke kumeneko. Ife kuno tilipo. Dzuwa lakwiya, chitsime cha kudambo chaphwa, madzi tikutunga pa mjigo wa kusukulu. Chimanga tinapeza ngolo zinayi ndi theka, mtedza matumba asanu ndi limodzi. Nkhuku zinali makumi awiri ndi ziwiri, chitopa chatisiyira khumi ndi zitatu. Mwana wathu Júlia amaimba foni kuchokera ku Tete, akuti ntchito ikuyenda.

Ndasankha kulemba, osati kuimba, chifukwa pa foni mumandidula pakamwa ndisanafike pakati. Ndikudziwanso kuti anyamata a mota, njinga zamoto zija, amene amaoloka malire afika nayo kale nkhaniyi kwanuko atathiramo mchere wawo, mwina ndi kanema yemwe mwamuona. Inu ndinu nkhoswe ya banja langa, choncho imvani kwa ine, kuyambira kumutu.

Mukudziwa kuti alamu anu a Baltazar sanausiye uta chibwerere kuchokera kwanuko nkhondo itatha. Nyama zitachepa m'tchire, iwo ndi anzawo atatu anayamba kumalasa thumba la udzu kuseri kwa tchalitchi Loweruka masana. Lero ndi kulube yeniyeni ya anthu khumi ndi asanu ndi anayi, ili ndi pulezidenti wake, a Geraldo, ndipo timalasira pa kampu ya mpira. Thumba lija lili ndi mizere itatu yozungulira: pakati penipeni mapontu asanu, potsatira atatu, kunja imodzi. Wowerengera ndine, popeza chipumire ntchito ya uphunzitsi palibe wina amene anthu amamukhulupirira ndi nambala. Ndimakhala pa tebulo pambali pa olasa, ndili ndi khasu lakutha. Ndikaliomba kamodzi, alase. Ndikaliomba kawiri, mauta pansi, akatole mivi yawo.

Tili ndi mwambo wathu. Wopambana pa fesita ya ufulu chaka ndi chaka ndiye amaponya muvi woyamba Loweruka lililonse mpaka fesita ina, ena onse ali chiimire kumudikira. Kwa munthu wakunja ndi kanthu kakang'ono, koma alamu anu ankameta ndevu Lachisanu chifukwa cha muvi umenewo. Unali wawo zaka zisanu ndi ziwiri. Wachiwiri chaka chilichonse anali Custódio, mwana wa malemu a Jossias, uja amagula ng'ombe kuno n'kukagulitsa kwanuko. Ndinamuphunzitsa ndine kalasi yachitatu. Anali mwana wosapirira kukhala wachiwiri ngakhale pamzere wolowera m'kalasi.

Chaka chatha Custódio anabwera ndi agalu anayi ochokera kwanuko, aatali miyendo, onse aamuna. Amawatsekera mumpanda, salola kuti akwere agalu a m'mudzi, akuti mbewu yawo isapezeke ndi wina aliyense. Amatuluka pokhapokha iye akutuluka, ndipo ku kulube ankabwera nawo. Agalu osakira nyama inu mukuwadziwa. Akamva nsinga yalira amathamangira kumene muvi walowera, chifukwa ndiyo ntchito imene anaphunzira. Ndinadandaula katatu. Custódio ankati uta wopanda galu ndi ndodo chabe, makolo athu sankapita ku uzimba okha. Ena ankamuvomereza, akuti galu amafufuza mivi yotayika mu udzu, ndipo zimenezo ndi zoona, bango lowongoka ndi chitsulo chake si zotola panjira. Ena ankati galu ukamusiya kunyumba amakutsatabe. Ine ndinkati thumba la udzu si gwape, silithawa, silifuna wolithamangitsa. Ankaseka n'kumanena kuti apulofesora amaopa agalu.

Pa 25 de Junho, fesita ya ufulu, anthu anadzaza kampu. Titafika ndime yomaliza, Custódio anali ndi mapontu makumi atatu ndi awiri, alamu anu makumi atatu ndi imodzi. Kanali koyamba kuti atsalire, koma mphepo ya tsiku limenelo inali yoipa. Custódio anaponya muvi wake wotsiriza. Nsinga italira, galu wake wamkulu, dzina lake Sajento, anautsatira. Alamu anu anali atakoka kale. Anthu anakuwa, ine ndinafikira khasu, koma muvi unachoka. Unamulowa galuyo m'nthiti. Anazungulira kawiri n'kugwa patsinde pa thumba.

Custódio sanalire, sanatukwane. Anamunyamula galuyo muvi uli momwemo, namumangirira kumbuyo kwa mota. Anadutsa naye pamsika, pa chigayo ndi pa posito, paofesi ya boma paja, akuyendetsa pang'onopang'ono kuti aliyense aone nthenga za nkhanga, pakuti Malowera yense amadziwa kuti womata mivi yake ndi nthenga za nkhanga ndani. Paliponse ankaima n'kunena mawu omwewo: "Lero ndi galu, mawa ndi mwana wa munthu. Madala aja saona."

Loweruka lotsatira kunali msonkhano pansi pa mango wa pa kampu. A Geraldo anatsegula ndi pemphero, kenako anazungulirazungulira ngati munthu wosowa pokhala.

"Bambo Baltazar, palibe amene akukuthamangitsani," anatero. "Tikungoti zaka zapita. Tikupatsani mpando wabwino, muzikhala pamthunzi, muzitilangiza."

Ine ndinaimirira. Ndinati khasu likalira kamodzi, bwalo lonse kuchokera pamzere mpaka pa thumba ndi la mivi, cholowamo chalakwa chokha. Ndinati mlandu ndi wa amene anabweretsa galu.

"Apulofesora," anatero Custódio ali chikhalire, "galu sanapite kusukulu kwanu, sadziwa kamodzi kapena kawiri. Munthu ndiye anapatsidwa maso."

Anthu anaseka, ndipo a Geraldo omwe anabisa pakamwa. Manja oti alamu anu asiye kulasa anali khumi ndi awiri. Okana tinali anayi. Awiri anayang'ana nyerere pansi. Alamu anu sanakweze dzanja mbali iliyonse. Manja khumi ndi awiriwo ndikuwadziwa eni ake, ndipo asanu ndi atatu mwa iwo anaphunzira kugwira choko m'kalasi mwanga. Anagamulanso kuti tilipe mbuzi. Nkhani ya agalu anati idzakambidwe tsiku lina, popeza mitima inali isanazizire.

Mbuzi anaikoka okha alamu anu mpaka kwa Custódio, yaikazi, yabere. Atabwerako anachotsa nsinga pa uta, naikulunga bwinobwino, n'kundipatsa kuti ndizimangira chitseko cha khola. Achimwene, zaka makumi anayi ndi zisanu ndi chimodzi ndili ndi munthu ameneyu. Tinathawa limodzi asilikali ali kumbuyo kwathu, tinaika ana awiri kwanuko, tinabwera kudzapeza mitengo itamera pamene panali nyumba. Sindinamuonepo atakhala pansi monga anakhalira kuyambira tsiku limenelo. Mbatata ndikawaikira zinayi, ziwiri zimabwerera. Lachisanu ndevu sameta. Loweruka masana amatembenuza mpando kuti afulatire njira yopita ku kampu. Ndipo Custódio, popita kukaponya muvi woyamba, ankadutsa pakhomo pathu n'kuliza huta kawiri. Njira yachidule yochokera kwake sidutsa kwathu.

A padiri amati kubwezera n'kwa Mulungu. Sindikutsutsa. Koma Mulungu ali ndi maiko ambiri oti ayang'anire, ndipo Malowera ali kutali ndi msewu wa tala.

Sindinasiye ntchito yanga yowerengera, ngakhale ambiri ankaganiza kuti ndisiya. Tsiku lokamba za agalu litafika, anthu anabwera atakonzekera kukangana nane. Ndinawasiya alankhule onse, kenako ndinapempha mawu.

"Ine ndasintha maganizo," ndinatero. "Agalu azibwera."

Custódio anavula chipewa n'kundiweramira.

"Mukukalamba bwino, apulofesora."

"Koma azimangidwa."

"Mukawamanga pamtengo adzalira tsiku lonse, palibe adzalase. Agalu anga amakhala chete pamapazi panga pokha."

"Ndiye azimangidwa kwa mwini wake, m'chiuno. Kapena ukuopa kuti angakugwetse?"

"Ine? Agalu anga sasuntha ndisanalankhule."

Ndinafuna kumufunsa ngati Sajento anachita kumutuma ndiye, koma ndinameza. Onse anavomera, akusangalala kuti nkhalamba yagonja. Mawu a lamulolo ndinawaika ndine: aliyense wa m'kulube akhoza kubwera ndi galu, malinga amumange m'chiuno mwake. Ndinawawerengera kawiri kuti wina asadzati sanamve. Palibe anaima pa mawu oti aliyense.

Custódio anawakwapula agalu atatu otsalawo mwezi wathunthu mpaka anaphunzira kugona pansi nsinga ikalira. Taonani, chinthu choti akanachita kale, Sajento akanakhala moyo ndipo alamu anu akanakhala pamzere. Zingwe zija anazikonda. Anagula lamba wachikopa wokhala ndi mphete zitatu, namaima pamzere chifuwa patsogolo, agalu ali mbali ndi mbali, anyamata akumujambula. Ine ndinkamulembera mapontu ake osamubera ndi imodzi yomwe.

Pa 4 de Outubro, tsiku la mtendere, panakonzedwa mpikisano waukulu, woyamba kuitana a ku Chipera ndi a ku Chiputo. A shefe a posito analonjeza mbuzi. Custódio anali atauza kale anthu mmene adzaiotchere.

Inu munaweta agalu, mukudziwa kuti wamkazi amafuna amuna kawiri pachaka, ndipo nyengoyo ikafika mwamuna samva chikwapu, samva dzina lake, samva mbuye wake. Nanga amuna atatu otsekeredwa mumpanda chibwerere? Ndinayenda nyumba makumi awiri ndi zitatu ndikunamizira kufuna kamwana ka galu. Agalu aakazi ndinapeza asanu ndi anayi. Ndinkafunsa mwezi umene aliyense anaswa, n'kumawerengera chamumtima. Atatu okha ndiwo akanatha kugwera nyengo yoyenera. Mmodzi anafulumira, wina anagundidwa ndi lole. Anatsala wa Judite, wamasiye uja wa kutsidya kwa mtsinje, kagalu kofiira, koonda, khutu limodzi lodulidwa, dzina lake Bonita. Ndinakagula ndi thadzi loikira.

"Apulofesora," anatero Judite, "inu amene mumagenda agalu pakhomo panu? Galu wamkota sakandira pachabe."

"Mkota wake ndani, ine kapena Bonita?"

"Nonse awiri."

Ndinamuuza zonse. Custódio anamunyenga pa ng'ombe ya malemu mwamuna wake, choncho sanavute. Anangofunsa ngati wina sadzapweteka. Ndinati tidzangoseka basi. Tinapangana kuti galuyo akhalebe kwa iye mpaka tsikulo, kuti alamu anu asafunse. Setembro akutha, Judite anatuma mawu oti agalu onse a kutsidya agona pakhomo pa khitchini yake. Ndinapita kutchalitchi kukayamika. Sindinatchule chimene ndinkayamikira.

Tsikulo a ku Chipera anabwera khumi pa lole, a ku Chiputo asanu pa njinga, atagonera panjira. Agalu awo anawasiya kwawo. Athu ena anayi anabwera ndi agalu awo m'chiuno, koma ataluza anakakhala kumbuyo kwa anthu. Alamu anu sanapite. Mphepo inkachokera kummawa, ndiye ndinapempha kuti tebulo langa aliike mbali imeneyo, ndikuti dzuwa likundithobwa. Bonita anali atatsekeredwa m'kachipinda ka kusukulu, mbali ya kumadzulo, kumene fungo lake silikanafika pamzere.

Custódio analasa bwino, zimenezo sindingamumane. Pomaliza anatsala iye ndi mwamuna wina wa ku Chipera, a Mateus, munthu wofatsa wa uta wamfupi. Mivi itatu aliyense. A Mateus anapeza asanu, atatu ndi atatu. Pamene anthu ankawaombera m'manja, Judite anadutsa kumbuyo atasenza dengu lovundikira ndi nsalu ya kapulana ngati wogulitsa tomato, nalitula pansi pa tebulo langa. Ndinatenga chingwe n'kudzimanga m'chiuno, mfundo ziwiri, monga lamulo likunenera.

Custódio anaponya woyamba, asanu. Agalu anadzutsa mphuno. Anaponya wachiwiri, atatu. Galu wa kumanja anaimirira, iye namuponda ndi chidendene osayang'ana pansi. Tsopano ankafuna asanu kuti atenge mbuzi. A shefe anatsamira patsogolo pampando wawo. Ndinayang'ana kuseri kwa thumba, kunalibe munthu. Ndinayang'ananso kachiwiri. Atakoka nsinga mpaka patsaya, ndinavundukula kapulana, Bonita natuluka n'kudzinyanyamula.

Achimwene, ndakhala zaka makumi asanu ndi awiri ndi chimodzi, koma chinthu chokoma chotere sindinachione. Agalu atatu ananyamuka ngati anachita kupangana. Chiuno cha Custódio chinatsogola, miyendo inatsalira, munthu anazungulira n'kugwa chagada, uta uli pansi pake. Ndinaumva ukuthyoka. Za muvi ndinena pambuyo. Anamukhwekhwereza m'fumbi kubwera kwa ine, iye akuitana maina awo mmodzimmodzi, kenako maina a oyera mtima. Lamba wachikopa uja anali wolimba, sanaduke, koma anatsika ndi buluku yemwe mpaka m'mawondo. Atafika pa tebulo, agalu anakumbukira kuti mkazi ndi mmodzi, iwo atatu, nayamba kulumana pamwamba pa mbuye wawo. Anayi a kumbuyo aja nawo anabwera, akukoka eni awo pakati pa amayi ogulitsa. Bonita anabisala kuseri kwa miyendo yanga. Ine ndinaimirira, ndinatenga khasu n'kuliomba kawiri, kuti mauta akhale pansi.

Amuna anawalekanitsa ndi ndodo ndi madzi. A shefe anapukuta misozi ya kuseka n'kufunsa a Geraldo kuti, "Kodi munatiitanira mpikisano wa mauta kapena ukwati wa agalu?"

Ndinawerenga zimene zinatayika: dzino limodzi la kutsogolo, uta umodzi, buluku mmodzi, khungu la zigongono zonse ziwiri, ndi bala la mano pantchafu lochokera kwa galu wake yemwe. Mbuzi inakwera lole kupita ku Chipera. Akumuimiritsa, atafunda kapulana ya munthu wina, Custódio anandiyang'ana magazi ali pachibwano.

"Apulofesora, mwachita dala."

"Lamulo likuti galu amangidwe kwa mwini wake. Wanga ndi uyu, ndamumanga. Ine sindinagwe."

"Galu wake wamkazi ameneyo?"

"Lamulo silinatchule kuti wamwamuna kapena wamkazi. Ndinakuwerengera kawiri."

Anamukweza pa mota ya mnzake kupita kuchipatala. Madzulo omwewo, alendo asanachoke, a Geraldo anaitanitsa msonkhano. Tinalipo khumi ndi asanu ndi awiri, ndipo manja oletsa agalu pa kampu anali khumi ndi asanu ndi awiri. Amene ankati galu amafufuza mivi ndiwo anayamba kukweza. Ndisanakhale pansi ndinati, ngati cholakwika ndi galu pa bwalo la mivi, ndiye kuti pa 25 de Junho tinaweruza munthu wosalakwa. Manja oti alamu anu abwerere pamzere anali khumi ndi asanu. Awiri aja anapezanso nyerere zawo.

Tsopano za muvi. Pamene Custódio ankazungulira, nsinga inamupulumuka, muvi sunapite ku thumba, unapita chammbali, kumene kuli mango uja. Unakabaya pa thunthu. Patsinde pake panali kamdzukulu ka Judite, Stélia, ka zaka zinayi, kakudya chitumbuwa. Anthu atabalalika ndinapita kukayesa. Kuchokera pamene panali mutu wake kufika pa muvi panali zikhatho ziwiri. Mwanayo sanakhudzidwe, sanalire n'komwe, anangoyang'ana m'mwamba. Muviwo unali wa Custódio, nthenga zake aliyense anaziona, ndipo wobwera ndi agalu atatu m'chiuno sanali ine. Ndikulemba izi kuti mukamva kwa ena mudziwe kuti sindinakubisireni.

Mawa lake Judite anafika osaodira, anaponya thadzi lija pakhonde miyendo ili yomanga, namasula Bonita pamtengo.

"Munati tidzangoseka," anatero.

"Anthu anaseka."

Lamulungu kutchalitchi anasamukira pa benchi ina. Ndidzapita kukamuona mtima wake ukatsika.

Lachiwiri lapitali a Geraldo anabwera ndi anthu atatu a m'kulube, zipewa zili m'manja. Alamu anu anawalandira bwino. A Geraldo anapepesa nthawi yaitali, anatchula ndi mwana wolowerera yemwe, ngakhale sindinamvetse kuti wolowerera anali ndani. Anati malo awo pamzere alipo, ndipo popeza Custódio sangakoke uta mpaka zigongono zitapola, muvi woyamba Loweruka likubwerali ndi wawo. Ine ndinali pakhomo, mtima ukuvina. Miyezi yonseyi ndinkadikira mawu amenewo. Alamu anu anathokoza, n'kunena kuti aona mvula ikadutsa.

Alendo atapita ndinayamba kutola makapu.

"Mayi a Júlia, takhalani pansi," anatero. "Mwana wa kwa Judite uja, akuti muvi unapita pati?"

"Pamtengo."

"Pamtengo pati?"

Ndinawasonyeza ndi manja. Iwo anayang'ana kumene kunkachokera mawu anga, osati kumene kunali manja.

"Nenani ndi pakamwa."

"Zikhatho ziwiri."

Anasisita bondo.

"Galu uja sindinamuone," anatero. "Ndinamva anthu akukuwa, ndinayesa akundichemerera. Thumba lomwe, kuyambira chaka chatha, ndimangoona choyera. Ndimalasa pamene mkono ukukumbukira."

Ndinati tsiku lija kunali fumbi lambiri.

"Inu mumawerenga zonse. Mapontu anga munawaona akutsika."

Ndinati mphepo ya chaka chino inali yoipa kwa aliyense. Anaseka pang'ono n'kundipempha madzi akumwa.

Musandilembere za chikhululukiro, achimwene, ndikukudziwani. Custódio sanayendetse galu wakufa pamsika chifukwa chodera nkhawa ana a anthu. Ankafuna muvi woyamba, ndipo anaupeza pochititsa manyazi munthu amene anamusemera uta wake woyamba. Akanakhala munthu, akanabwera pakhonde pano yekha, n'kukhala pansi, n'kulankhula ndi alamu anu ngati bambo wake mwakachetechete. Dzino limodzi ndi mtengo wotsika. Mbuzi yathu yaswa ana awiri m'khola mwake, ndimawaona ndikamapita kuchigayo.

Chimene ndikupempha ndi ichi. Ndinamva kuti ku chipatala china cha mishoni kufupi ndi kwanuko kumabwera madokotala ochotsa ng'ala m'maso, ndipo anthu amene ankayenda ndi ndodo amabwerako akuwerenga. Mundifunsire kuti amabwera mwezi uti, ndiponso ngati munthu wa kuno amafuna mapepala otani. Ng'ombe yoti ndigulitse ilipo, koma sindigulitsa kwa Custódio ngakhale atatsala yekha padziko. Tikufuna tioloke mvula isanatseke njira. Wina akafunsa, muziti tikubwera kudzakuonani pa nkhani za pamtundu. Anyamata a mota asamve, chifukwa akamva iwo, wamvanso uja wa dzino. A Geraldo ndawauza kuti alamu anu akuvutika ndi phewa, ndipo malo awo pamzere asapatse munthu. Pa 25 de Junho chaka chamawa ndikufuna ndidzaombe khasu kamodzi, iwo ali chiimire pamzere, Custódio ali pambali pawo akudikira.

Mundiperekere moni kwa alamu anga a Serafina, muwauze kuti mbewu ya nyemba ija inamera yonse. Moni kwa Elisângela ndi mwamuna wake, ndi kwa kakhanda kamene sindinakanyamulebe. Mukapita kumanda kuja mukalambule ndi pa ana anga pomwe, udzu usawakwirire.

Alamu anu akupereka moni. Ndinawapatsa cholembera kuti aike mzere wawo pansi pano monga amachitira, kuja amakutchulani mlenje wa mbewa. Anachigwira, anapapasa pepala kufuna pamene ndalekezera, kenako anati dzanja latopa, adzalemba ulendo wina. Malo awo ndawasiya pansi pa dzina langa. Musaganize kuti pepala linanditsalira.

Ndine mlongo wanu,
Edite